Timinda Tisanu ndi Tiwiri

Mkazi wanga, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Kutsokomola kwake kwa m'mawa, akamakoleza mbaula.

Munthu wodziwa kumene kuli chivundikiro cha ketulo.

Chilakolako cha chakudya, kwa milungu itatu.

Chifukwa chokhalira m'mudzi umene ndinamangamo nyumba.

Zimenezi ndinataya mu Febuluwale, mvula ili pakati. Zina mwa izo ndinazizindikira pambuyo pake.

Ndine mphunzitsi wa masamu pa sekondale ina yoyendera. Kwathu ndi ku Kasina, koma nditakwatira ndinakamanga kwawo kwa mkazi wanga, m'munsi mwa Chongoni, monga amachitira mkamwini aliyense. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zinayi. Mkamwini akaferedwa mkazi, abale a mkaziyo amamusudzula. Amamukhazika pabwalo, namuuza kuti wamasuka, akhoza kubwerera kwawo. Tsiku lomwelo zovala za malemu zimagawidwa. Ana satsata bambo, amatsala ndi agogo awo ndi amalume awo. Kwa ife anagwirizana kuti mwambowu uchitike mu Juni, anthu atakolola. Ndiye kuti ndinali ndi miyezi inayi yogona nyumba imodzi ndi mwana wanga. Ndinkafuna kudzapempha kuti ndipite naye. Ndinkadziwanso kuti pempho lotere limakanidwa kawirikawiri.

Mu Malichi ndinkafunafuna kabuku ka mwana ka kusikelo. Pamwamba pa kabati ndinapeza jumbo yakuda. Munali nsalu zisanu ndi ziwiri za makona anayi, iliyonse yolumikizidwa kuchokera ku tizigamba tisanu ndi tinayi. Ndinazidziwa. Mkazi wanga ankazisoka ndi manja pakhonde, masana a Lamulungu tikabwera ku Misa. Ankazitcha timinda, chifukwa ukakwera phiri n'kuyang'ana pansi, madimba amaoneka choncho: apa kabichi, apa mbatata, apa posalima. Ankafuna kudzatilumikiza kuti tikhale chofunda cha mwana, amene tinkati ayambe kugona pa bedi lake chisanu chisanafike. Zigamba zambiri ankapempha kwa telala wina ku Linthipe, akapita ndi amayi ake kukagulitsa kabichi. Zina zinali za pakhomo pompo. Ndinaonamo malaya anga a mizere, amene ndinkaganiza kuti anasowa pachingwe. Pa kamunda komaliza panali singano, ulusi uli lendee.

Ndinatenga rula. Kamunda kalikonse kanali masentimita makumi atatu mbali zonse, kupatula kamodzi kamene kanaperewera sentimita imodzi. Ndinatiyala pa bedi. Sitinakwane ngakhale kufunditsa miyendo ya mwana. China chimene chinandivuta n'chakuti seveni sagawika. Sungamuike m'mizere iwiri kapena itatu yofanana. Amangokhala mzere umodzi wautali ngati lamba.

Ndinaganiza zomaliza chofundacho Juni asanafike. Ngati mwana adzatsale, atsale ndi chinthu chimene manja athu tonse awiri anagwira. Sindinauze munthu. Kusukulu ndinatenga pepala la timabokosi n'kujambula njira zinayi, miyeso yonse yolembedwa bwinobwino. Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku Linthipe.

Telalayo ndinamupeza pakhonde la golosale, bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi ulusi. Nditatulutsa timinda tija anasiya kupalasa makina.

"Awa ndi manja a mayi uja wa kabichi," anatero. "Ankandisowetsa mtendere ndi zigamba. Ndinamva. Pepani, achimwene."

Ndinathokoza, n'kumupatsa pepala langa. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analitembenuza ngati akufuna kuona kuseri.

"Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimaphunzitsa masamu."

"Ndiye ana athu akulepheradi ndi chifukwa. Msoko mwauika pati?"

Sindinamvetse.

"Nsalu zikamalumikizana zimadyana. Uku theka la chala, uku theka la chala. Pepala lanuli likuti chofunda chifika kumapazi. Singano ikadutsa chithera m'maondo."

Anachotsa mathalauza a anthu pa benchi n'kuyalapo timinda. Anati njira zilipo zambiri, ndipo anandionetsa imodziimodzi, akusuntha nsalu ndi nsonga za zala. Ndikhoza kuika timizere ta nsalu imodzi pakati pa timinda, ngati tinjira ta m'dimba. Ndikhoza kutisonkhanitsa pakati n'kuzunguliza nsalu zikuluzikulu, koma kamodzi katsala. Ndikhoza kutiimiritsa pa ngodya, ngati dayamondi wa pa makadi.

"Koma zimenezo si za munthu wa pepala," anatero. "Dirafuti mumasewera?"

"Pang'ono."

"Onani."

Anaika kamunda kamodzi pakati, malo opanda kanthu uku ndi uku. M'munsi mwake anaika tiwiri m'mbali, pakati popanda kanthu. Kenako kamodzi, kenako tiwiri, kenako kamodzi. Timinda tonse tisanu ndi tiwiri tinalowa, osatsala, osaperewera. Mizere isanu, malo atatu mzere uliwonse. M'malo asanu ndi atatu otsalawo munafunika nsalu yodekha, yodulidwa mofanana ndi timinda. Ndinaimirira pamenepo ndi dipuloma yanga. Ndinali nditatha masiku anayi pa nkhaniyi.

"Kenako muzungulize nsalu yotakata m'mbali monse, mwana azikula nacho. Pakati muike bulangete lakale, kunsi shiti. Bweretsani zonse, ndikupalasireni musanamalize kudya chimanga chootcha."

Ndinati ndikufuna kusoka ndi manja, monga anayambira mwini wake.

"Singano munaigwirapo?"

"Batani ndimasoka."

"Batani!" Anaitana mayi wogulitsa tomato pafupi. "Mayi, bwerani mudzaone telala wa batani." Kenako anatsitsa mawu. "Chabwino. Koma nsalu yatsopano musaike. Imafupika ikachapidwa, imasukuluka n'kudetsa zinzake. Funani yakale, yofanana msinkhu ndi izi."

Sindinamumvere. Ndinagula nsalu yamtambo tsiku lomwelo, ndinaichapa kawiri, n'kuiyala pafupi ndi timinda. Inkaoneka ngati mlendo wovala suti amene wafikira kudimba. Ndinaipinda.

Zovala za mkazi wanga zinali mu sutikesi kuchipinda kwathu. Mlamu wanga, mkulu wake wa malemu, ndiye anazilongedza maliro atatha, namanga sutikesiyo ndi chingwe. Loko panalibe. Sipafunika loko, aliyense amadziwa kuti katundu wotere sakhudzidwa mpaka tsiku logawa. Inenso ndinkadziwa. Sindinganame kuti sukulu inandiiwalitsa. Ndinangodziuza kuti zitenje zilimo zambiri, chimodzi sichingadziwike.

Ndinamasula chingwe Lachitatu lina nditaweruka. Za fungo la m'sutikesimo sindilemba. Ndinasankha chitenje chamtambo chofuwira, cha timadontho ting'onoting'ono toyera. Nditachiika pafupi ndi timinda chinakhala ngati chinali pomwepo kuyambira kale. Ndinalemba mizere ndi choko, n'kudula zidutswa zisanu ndi zitatu. Theka la chitenje linatsala.

Ndinkasokera kuseri kwa nyumba, dzuwa lisanalowe, mwana akusewera kwa agogo ake. Tsiku lachinayi mlamu wanga anandipezerera. Iye ndi amene ankatibweretsera ndiwo ndi kusambitsa mwana, ndipo pa anthu onse a pamudzipo ndi yekhayo amene sanasiye kundiseka maliro atachitika. Ndinkamuthokoza mumtima chifukwa cha zimenezo.

"Alamu! Boma lakuchotsani ntchito? Tikupezereni khonde ku Linthipe?"

"Ndikungoyesa."

"Mukusoka kapena mukumanga mpanda? Mbuzi ikhoza kudutsa apa." Anaseka, nawerama kuti aone bwino. Kuseka kunathera pomwepo. Anaika mbale ya ndiwo pansi.

"Chitenje ichi mwachitenga kuti?"

Ndinayamba kupinda nsalu ija.

"Alamu, mwatsegula?"

"Ndatsegula."

Anakhala pa mwala. Anandiuza kuti amene anagula chitenjecho ndi amayi ake, mkazi wanga ali ndi pakati, ndipo n'chimene anafunditsa mwana potuluka kuchipatala. Ine ndinalipo tsiku limenelo koma chitenje sindinachione, maso anali pa mwana. Anatinso amayi ake anali atanena kale kwa abale kuti pa tsiku logawa safuna diresi, safuna nsapato, akufuna chitenje chimenechi basi.

"Musawauze," ndinatero.

"Ndisawauze, adzachione pabwalo chili ndi mawindo? Inu alamu, masamu anakudyani mutu."

Apongozi anga anabwera m'mawa wa Loweruka. Ndi mayi wamfupi, wa manja olimba, amene amadzuka nkhuku zisanatsike kupita kudimba. Pa zaka zisanu ndi chimodzi sitinakhalepo pa mphasa imodzi. Tikakumana panjira mmodzi ankapatuka, moni tinkapatsirana chapatali. Umu ndi mmene ulemu umakhalira. Tsiku limenelo anakhala kumapeto kwa khonde, nkhope italoza ku munda wa chimanga. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Mlamu anakhala pakati pathu. Apongozi analankhula kwa mwana wawoyo ngati ine palibe.

"Uwafunse aphunzitsi ngati afulumira."

"Akuti kodi mwafulumira?" anatero mlamu, ngakhale ndinali nditamva.

Ndinati ayi.

"Uwafunse ngati kwawo ku Kasina katundu wa maliro amagawa ndi sizasi."

Mlamu sanabwereze. Ndinati ayi, ndinalakwa. Ndinafotokoza za chofunda. Mawu anga ankamveka ngati ndili m'kalasi, ndipo ndinasiyira panjira.

"Uwauze kuti anthu akamva adzati mkamwini wadzisudzula yekha, ndiye kuti wapeza kale wina. Uwauzenso kuti munthu wodzisudzula yekha sapempha kanthu pabwalo."

Anadzuka, nasasa chitenje chawo, napita. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti ankadziwa za pempho langa, ngakhale sindinalitchulepo kwa munthu, ndi kuti ndinali nditaliwononga ndekha.

Ndinatumiza uthenga kwa mkulu wanga, amene anali nkhoswe ya ukwati wathu. Anabwera pa njinga kuchokera ku Kasina atamangirira nkhuku pa keliyala. Asanapite kwa apongozi anandilalatira m'nyumba mwanga momwe, motsitsa mawu kuti oyandikana nafe asamve. Pamodzi ndi nkhukuyo ndinamupatsa theka la chitenje lotsala lija, lopindidwa bwino. Zonse zinalandiridwa. Yankho silinabwere.

Milungu iwiri sindinakhudze singano. Jumbo ndinaibwezera pamwamba pa kabati. Ndinkapita kusukulu, ndinkabwera, ndinkaphikira mwana mazira chifukwa n'zimene ndinkatha. Chimanga chinauma m'minda. M'mawa kunayamba kuchita nkhungu.

Tsiku lina mu Epulo, nditaweruka, ndinapeza apongozi atakhala pakhonde langa okha. Kumutu anamanga duku lamtambo la timadontho toyera. Ndinaimika njinga patali n'kunjuta.

"Tulutsani ntchito ija," anatero.

Kanali koyamba kundilankhula popanda munthu pakati. Ndinatulutsa mizere iwiri imene ndinali nditalumikiza, ndinaiika pa mphasa, n'kubwerera m'mbuyo. Kutsogolo kwake sanayang'ane. Anatembenuza, nayamba kuyenda ndi chala pa misoko. Ya mwana wawo inali ing'onoing'ono, yofanana ngati mano a chipeso. Chala chitafika pa yanga chinaima. Anagwira uku ndi uku, nakoka. Msoko unayasamula.

"Chitenje mwawononga kale. Musawonongenso ntchito ya mwana wanga. Masulani."

"Yonse?"

"Yonse."

Ndinamasula. Anatenga singano ija ya mkazi wanga, nandionetsa pa kachigamba: singano ipite kutsogolo, ibwerere m'mbuyo pang'ono, kenako ipitenso kutsogolo. Ulusi ukatero sumasuka ngakhale utaduka pena. Anandiuza kuti ndizilemba mzere ndi pensulo ndisanasoke, popeza maso anga sadziwa kuwongoka popanda rula. Anatinso msoko uliwonse ndiziusita ndi simbi ndisanayambe wina. Sanakhalitse. Anati akukathirira.

Anabweranso patapita masiku atatu, nakoka, nati ndimasule mzere woyamba. Ulendo wachitatu anakoka mwamphamvu, nsalu inalira koma msoko sunatseguke. Sananene kuti zili bwino. Anangoti, "Kamunda aka n'kakafupi. Muzikakoka pang'ono posoka, kagwirizane ndi anzake. Anali choncho mwana ameneyu, pothera pa ntchito ankathamanga." Tinkayang'ana kamunda komweko.

Mizere isanu inandithera mwezi wathunthu. Chala changa chapakati chinabooka mpaka ana asukulu anayamba kufunsa. Za nsalu yozunguliza m'mbali ndinali ndisanaganize, ndipo sutikesi sindikanaiyandikiranso. Mlamu anabwera ndi chitenje chake chakale chofiirira, nachiponya pa mpando.

"Ichi mwini wake ali moyo, alamu. Dulani, nkhuku sitikufunsani."

Sichinakwane mbali zonse zinayi. Kumutu ndi kumapazi ndinaika chobiriwira chimene apongozi anatumiza kudzera mwa mwana, osanena mawu. Choncho m'mbali mwa chofundacho mitundu ndi iwiri. Telala uja nditamuonetsa anati si mmene iye akanachitira, koma chisanu sichisankha mtundu.

Pakati ndinaika bulangete lotuwa limene ndinkafunda ku koleji, kunsi shiti yathu yakale. Zitatuzi zinafunika kugwirana kuti bulangete lisamayende m'kati. Kusoka ponseponse ndi manja anga kukanafika chaka chamawa. Apongozi anati timange mfundo. Tinamasula kajuzi kofiira kamene mwana anali atakakula, n'kupeza wulu wokwanira. Loweruka lina kumapeto kwa Meyi tinayala mphasa ziwiri pabwalo, tinatambasula zonse n'kupsinja ngodya ndi miyala. Pa mphambano iliyonse ya misoko tinkalowetsa wulu ndi singano yaikulu mpaka kunsi, kubweza, n'kumanga kawiri. Apongozi anayambira kumutu, mlamu pakati, ine kumapazi. Mlamu ankawerenga mfundo zake mokweza kuti andichititse manyazi.

"Ine khumi ndi ziwiri. Aphunzitsi zingati?"

"Zinayi."

"Zinayi! Amayi, awa tisawasudzule. Kwawo akawabweza."

Apongozi sanaseke, koma sanamudzudzule. Nditakweza maso ndinaona kuti tili pa mphasa imodzi. Ndikhulupirira kuti iwonso anaona. Palibe anasuntha.

Tsiku losudzula kunacha ndi nkhungu yoti phiri silinkaoneka. Anthu anakhala pabwalo la apongozi atadzikuta, amuna uku, akazi uku. Sutikesi inatulutsidwa. Amalume a mkazi wanga, mchimwene wawo wa apongozi, ndiwo ankatsogolera, popeza mbumba ndi yawo. Zovala zinagawidwa chimodzichimodzi. Ine ndinkayang'ana nsapato zanga. Za chitenje chodulidwa palibe anatchula. Kenako amalume anandithokoza chifukwa chosunga mwana wawo, kumudwazika ndi kumulira, nati kuyambira lero ndamasuka.

Mkulu wanga anaomba m'manja, napempha kulankhula. Ananena mwachidule kuti mng'ono wake akupempha kupita ndi mwana.

Amalume sanakwiye. Anayankha mofatsa, monga munthu wonena chinthu chodziwika. Mwana ndi wa pano. Amayi ake agona pano. Munda wake uli pano. Mwamuna wa msinkhu uwu sakhala yekha nthawi yaitali, ndipo mwana wa mwini m'nyumba ya mkazi wina tonse tikudziwa mmene amakhalira. Anthu anavomereza ndi mitu. Panalibe bodza pa zimene ananena.

Apongozi anatsokomola kumbali ya akazi.

"Achimwene, mwana ndi wa pano, zoona. Munda wake palibe adzaulande. Koma ine ndimadzuka kuli mdima, ndimabwera dzuwa litapendeka. Chaka chamawa ayamba sukulu, ndipo sukulu ili pafupi ndi nyumba za aphunzitsi. Azigona kwa bambo ake. Lachisanu azibwera naye kuno, ndizimuona ngati akudya."

"Nanga akadzakwatira?"

"Akadzakwatira tidzakhalanso pansi."

Amalume anatembenukira kwa ine.

"Kuyang'anira mwana wamkazi si kuchonga mayeso, aphunzitsi."

"Amamva akauzidwa," anatero apongozi. "Mochedwa, koma amamva."

Anakambirana pang'ono ndi akuluakulu ena. Kenako amalume anati tiyese chaka chimodzi. Ndinaomba m'manja monga mmene kumayenera. Mkulu wanga ndiye anathokoza.

Chaka chimenecho chinatha, chachiwiri chili mkati, ndipo palibe wandiitanitsa. Ndimakhala m'nyumba ya sukulu ya zipinda ziwiri. Nyumba ndinamanga ija mukukhala mlamu. Ndaphunzira kuphika nyemba ndi kupesa tsitsi, ngakhale mlamu amati mwana akafika Lachisanu mutu wake umaoneka ngati munda wa mlesi. Lachisanu lililonse timapalasa kupita ku Chongoni, mwana pa keliyala atakhalira chofunda chopindidwa, chifukwa popanda icho sagona kulikonse. Chachapidwa kambirimbiri. Mfundo zina zinamasuka, ndinamanganso. Pa kamunda kakafupi paja nsalu imakwinyika, ndipo palibe simbi imene yawongolapo. Mwana amadziwa kuti timinda anasoka amayi ake, zamtambo anasoka ababa. Akafunsidwa zabwino ndi ziti amati zamtambo, chifukwa amandimvera chisoni.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinanene pabwalo paja. M'mawa wa tsikulo, tili panjira, mkulu wanga anandifunsa ngati malemu anasiya mawu okhudza mwana. Anati ngati alipo ndimuuze, chifukwa mawu a munthu wopita satsutsidwa, nkhani ikhoza kuthera pomwepo. Ndinamuyankha kuti zimene tinalankhula zinali za pakhomo. Sindinaname. Mboni panalibe, apongozi anali atatuluka kukaphika phala ku khitchini ya odwazika matenda. Komanso sindinafune kutenga mawu a mwana wawo n'kuwamenya nawo pamaso pa anthu. Ndipo mwini wake sankatsanzika. Ankayembekeza kutuluka Lolemba.

Anali masana a Lachisanu, tsiku lake lachinayi m'chipatala. Chibayo chinkaoneka ngati chikutsika. Anali atakhala tsonga, atamwako tiyi. Ine ndinafunika kubwerera kumudzi chifukwa mwana anali atagona masiku awiri osationa tonse. Ndinati ndibwera m'mawa ndi zovala zosinthira. M'mawa ndinabweradi, koma ndinapeza bedi atayalapo shiti ina.

Ndinali nditafika kale pakhomo la wodi pamene anandiitana. Ndinatembenuka. Anandikodola ndi dzanja kuti ndisabwerere, ndingomvera pomwepo.

"Pitani, bambo ake, minibasi zingakuthereni. Koma inu ndi tulo tanu tofa natoti. Mwanayo amakankha chofunda ndi miyendo. Muzidzuka, muzimufunditsa."